Kutentha thupi kobwera ndi nkhupakupa: pamene anthu amachedwera ndi chochita pa chizindikiro chilichonse

Cholakwika chimene chimabwerezabwereza pa matendawa ndi kuchedwa. Mankhwala ake, doxycycline, alipo ndipo ndi odziwika kalekale, koma wodwala amawalandira tsiku la 7 kapena la 8 pamene akanayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Wina amadikira kuti zidzolo zituluke, wina amadikira zotsatira za kulabotale, wina amafuna kuti wodwalayo akumbukire kaye kuti analumidwa ndi nkhupakupa. Zitatu zonsezi zikhoza kusaoneka pa nthawi imene zikufunika. Malangizowa ndawasanja motsatira zimene mukuona pa wodwala. Salowa m'malo mwa dokotala, koma akuthandizani kuti mukafika kuchipatala munene zoyenera ndi kufunsa zoyenera.

## Chimene chimachitika m'thupi

Nkhupakupa ikamayamwa magazi imasiya m'thupi mabakiteriya a gulu la Rickettsia. Mabakiteriyawa sakhalitsa m'magazi oyendawa. Amalowa m'maselo amene amakuta m'kati mwa timitsempha ta magazi n'kumaswana momwemo mpaka timitsemphato timayamba kuchucha. Tikachucha pakhungu pamaoneka timadontho, tikachucha m'mapapo munthu amabanika, mu ubongo amabalalika mutu, ndipo magazi akachepa mphamvu impso zimaleka kugwira ntchito.

Mitundu yodziwika kwambiri ndi iyi:

- Rocky Mountain spotted fever, woyambitsidwa ndi Rickettsia rickettsii, ndiwo woopsa kuposa yonse. Umapezeka ku Canada, United States, Mexico mpaka ku Brazil ndi Argentina. Mu 1906 Howard Taylor Ricketts, pofufuza za matendawa a ku Bitterroot Valley m'chigawo cha Montana ku United States, anasonyeza kuti nkhupakupa ndi zimene zimawafalitsa. Mankhwala asanapezeke, ankapha anthu 20 mpaka 25 pa odwala 100 alionse, m'madera ena kuposa pamenepo. Amatha kupha munthu wathanzi m'masiku 8 okha.
- Mediterranean spotted fever, woyambitsidwa ndi Rickettsia conorii, umayenda ndi nkhupakupa yofiirira ya agalu, Rhipicephalus sanguineus. Umapezeka kum'mwera kwa Ulaya, mu Africa, ku Middle East ndi ku India. Nthawi zambiri ndi wofatsirapo, koma umapha okalamba ndi amene ali kale ndi matenda ena.
- African tick bite fever, woyambitsidwa ndi Rickettsia africae, umayenda ndi nkhupakupa za Amblyomma zimene zimakonda ng'ombe ndi nyama zakutchire. Munthu amavutika nawo, koma nthawi zambiri amachira.

M'masiku oyamba mitundu imeneyi sisiyanitsika ndi maso, ndipo mankhwala ake ndi amodzi. Chinthu choyamba kuchita ndi kulemba tsiku limene thupi linayamba kutentha. Limenelo ndi tsiku loyamba. Mankhwala akayambika pasanathe masiku 5, mwayi wochira ndi waukulu kwambiri. Kupitirira apo ngozi imakwera tsiku ndi tsiku.

## Thupi latentha, mutu ukuwawa, koma zidzolo palibe

Apa ndi pamene nthawi yambiri imatayika, chifukwa matendawa amayamba monga matenda ena alionse: kutentha thupi mwadzidzidzi, litsipa lamphamvu, kuphwanya m'thupi, nseru ndi kusafuna kudya. Amayamba pakapita masiku 3 mpaka 12 chilumidwireni.

Zoyambitsa, kuyambira zofala kwambiri:

1. Matenda a mavairasi monga fuluwenza. Nthawi zambiri pamakhala chimfine, chifuwa kapena zilonda zapakhosi.
2. Malungo, kwa amene amakhala kapena wachokera kumene malungo amapezeka.
3. Matenda a nkhupakupa.
4. Taifodi, dengue, leptospirosis ndi ena otere.

Zofunika kufufuza:

- Yezetsani malungo tsiku lomwelo ngati dera lake lili ndi malungo. Zikasonyeza kuti palibe, musabwerere kunyumba ndi mankhwala opha ululu okha. Funsani kuti, "Kodi sizingakhale za nkhupakupa?"
- Zikasonyeza kuti malungo alipo, imwani mankhwala ake, koma dziwani kuti munthu akhoza kukhala ndi matenda awiri nthawi imodzi. Komanso kachipangizo koyezera malungo mwachangu kamatha kusonyezabe malungo kwa milungu ingapo munthu atachira kale.
- Ganizirani milungu iwiri yapitayo. Kodi wodwalayo anayenda m'tchire kapena mu udzu wautali? Anagwira ng'ombe, mbuzi, kapena galu wa nkhupakupa? Anaphwanya nkhupakupa ndi zala? Alipo wina pakhomo, kapena galu amene, amene wadwala chimodzimodzi?

Funso lakuti "munalumidwa ndi nkhupakupa?" limasocheretsa. Pafupifupi theka la odwala sakumbukira n'komwe, chifukwa malovu a nkhupakupa amachititsa dzanzi pamene yaluma, ndipo tiana take ndi tating'ono kwambiri, tina sitikwana milimita imodzi. Yankho lakuti "ayi" lisatseke nkhani.

Chochita: ngati mbiri ya wodwala ikuloza ku nkhupakupa ndipo palibe chifukwa china chomveka, dokotala ayenera kuyamba doxycycline nthawi yomweyo, asanaone zidzolo kapena zotsatira.

## Zidzolo zatuluka

Pa Rocky Mountain spotted fever zidzolo zimatuluka pakapita masiku awiri mpaka anayi thupi litayamba kutentha. Odwala osakwana theka ndi amene amakhala nazo m'masiku atatu oyamba, ndipo mmodzi pa 10 alionse sakhala nazo mpaka mapeto. Zimayamba ngati timadontho tating'ono tosatupa, tosayabwa, m'mikono pamene timavala wotchi ndi mu akakolo, kenaka zimakwera kupita pathupi, nthawi zina mpaka m'zikhatho ndi pansi pa mapazi.

Pakhungu lakuda timadontho timeneti timavuta kwambiri kuona, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene odwala ena amazindikiridwa mochedwa. Musafufuze ndi nyali ya m'nyumba. Tulukani naye wodwala pa kuwala kwa dzuwa, mupende m'zikhatho, pansi pa mapazi, m'kati mwa mkono, ndipo musisite ndi chala chifukwa nthawi zina chala chimamva zimene diso laphonya.

Zoyambitsa, kuyambira zofala:

1. Zidzolo za mavairasi, makamaka kwa ana, kuphatikizapo chikuku. Chikuku chimayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu n'kumatsika, ndipo chimabwera ndi chifuwa, chimfine ndi maso ofiira.
2. Kusagwirizana ndi mankhwala. Izi nthawi zambiri zimayabwa. Koma samalani apa: wodwala wa nkhupakupa amene anapatsidwa amoxicillin dzana akatuluka zidzolo lero, n'kosavuta kuti onse anene kuti ndi mankhwalawo, n'kuiwala matenda enieniwo.
3. Matenda a nkhupakupa.
4. Mabakiteriya a meningococcus, oyambitsa matenda oumitsa khosi, atalowa m'magazi. Sapezeka kawirikawiri, koma amapha m'maola ochepa.

Kuyesa kwa tambula: dinikizani tambula yagalasi yoonekera pa timadontho n'kusuzumira. Tikazimiririka podinikiza, ndiye kuti magazi sanatuluke m'timitsempha. Tikakhalabe, tofiirira kapena takuda, ndiye kuti magazi atuluka m'timitsempha. Pa matenda a nkhupakupa zimenezi zimaoneka kuyambira tsiku la 5 kapena la 6 ndipo zimasonyeza kuti zinthu zafika poipa.

Lekani zonse, thamangirani kuchipatala ngati timadontho sitikuzimiririka. Pamene sizikudziwika ngati ndi meningococcus kapena nkhupakupa, madokotala amapereka ceftriaxone ndi doxycycline pamodzi mpaka zidziwike.

## Pali kachilonda ka nkhanambo yakuda

Ndi kachilonda kozungulira, kosapweteka kwenikweni, pakati pali nkhanambo yakuda youma ndipo m'mphepete ndi mofiira, ngati pamene wina wazimitsira ndudu pakhungu. Nthawi zambiri pafupi pake pamakhala mwanabele. Ndi pamene nkhupakupa inaluma.

Kamabisala, choncho wodwala avule zovala zonse. Fufuzani m'tsitsi, kuseri kwa makutu, m'khwapa, pansi pa mabere, pamchombo, m'chiuno modutsa lamba, m'mphechepeche, pakati pa matako ndi kuseri kwa mawondo.

Zoyambitsa:

1. Chithupsa wamba kapena chilonda cha kachilombo kena chimene chalowa majeremusi. Izi zimapweteka, zimatentha, ndipo zimakhala ndi mafinya.
2. African tick bite fever, makamaka tizilonda tikakhala tingapo, kapena anthu angapo amene anayendera limodzi akadwala nthawi imodzi.
3. Mediterranean spotted fever, pamene kachilondako kamakhala kamodzi.
4. Anthrax ya pakhungu, kwa amene anagwira nyama yodzifera. Kutupa kozungulira chilondacho kumakhala kwakukulu.

Kachilondaka pamodzi ndi kutentha thupi ndi chifukwa chokwanira choyambira doxycycline. Musakatsukule kapena kukafinya, chifukwa kulabotale akhoza kutenga nkhanamboyo kapena madzi a pansi pake n'kupeza mabakiteriyawo. Dziwaninso kuti Rocky Mountain spotted fever, woopsa uja, nthawi zambiri sasiya kachilonda kotere. Kusapezeka kwake si chizindikiro chakuti zili bwino.

## M'mimba mukupweteka ndipo akusanza

Kwa ana makamaka, matendawa amatha kuyamba ndi m'mimba: kusanza, kupotokola, nthawi zina kutsekula. Choyambitsa chofala ndi matenda wamba a m'mimba, kenaka malungo ndi taifodi. Koma odwala ena a nkhupakupa anafika pochitidwa opaleshoni ya apendikisi chifukwa cha ululu womwewu. Zokudzutsani ndi izi: litsipa lamphamvu lotsagana ndi m'mimbamo, ululu wa m'katumba, kutupa kozungulira maso kapena kuseri kwa manja, ndi kutentha thupi kosatsika pakapita masiku awiri. Amene akusanza chilichonse sangasunge mapiritsi m'mimba, ayenera kugonekedwa kuti alandire mankhwala kudzera mu diripi.

## Zotsatira za magazi zati palibe kanthu

Ichi ndi chimene chimapusitsa ngakhale azaumoyo odziwa ntchito yawo. Zifukwa zake:

1. Magazi anatengedwa msanga. Njira yodalirika, yotchedwa IFA, imafufuza asilikali a chitetezo cha m'thupi, ndipo asilikaliwa nthawi zambiri saoneka m'masiku 7 mpaka 10 oyamba. Kuti matenda atsimikizike pamafunika kuyeza kawiri, motalikirana milungu iwiri mpaka inayi, ndipo chiwerengero chikwere kuwirikiza kanayi. Pofika nthawi imeneyo wodwala amakhala atachira kapena atamwalira. Kuyezaku kumatsimikiza za m'mbuyo, sikuthandiza kusankha mankhwala lero.
2. PCR ya magazi, njira yofufuza mabakiteriya enieniwo, inaphonya. Popeza mabakiteriya amabisala m'makoma a timitsempha, m'magazi amakhalamo ochepa koyambirira. PCR ya kachidutswa ka khungu la pa zidzolo kapena ya nkhanambo imapeza bwino.
3. Anagwiritsa ntchito njira yakale ya Weil-Felix, imene imaphonya odwala ambiri ndiponso kusonyeza matenda kwa amene alibe.
4. Wodwalayo alibedi matendawa.

Pali zinthu zina pa pepala la zotsatira wamba zimene zimaloza njira: kuchepa kwa mapulateleti, tizidutswa tothandiza magazi kuundana, kutsika kwa mchere wa sodium, ndi kukwera pang'ono kwa AST ndi ALT, zoyezera chiwindi. Maselo oyera nthawi zambiri amakhala pa mlingo wake, ndipo ichi chimanamiza anthu kuti ndi vairasi chabe. Koma m'masiku oyamba zonsezi zikhoza kuoneka zabwinobwino.

Chochita: mankhwala asachedwe chifukwa chodikira zotsatira, ndipo asasiyidwe chifukwa zotsatira zoyamba zati palibe.

## Akumwa mankhwala koma sakupeza bwino

Doxycycline akayambika m'masiku 4 kapena 5 oyamba, thupi limazizira pasanathe maola 24 mpaka 48. Zikapanda kutero, fufuzani motere:

1. Mankhwala ake si amenewo. Werengani dzina pa paketi. Amoxicillin, penicillin, ceftriaxone ndi gentamicin sagwira mabakiteriya a Rickettsia. Mankhwala a gulu la sulfa, monga cotrimoxazole, akhoza kuwonjezera matendawa. Chloramphenicol amagwira, koma amene amalandira iyeyu amamwalira ambiri kuyerekeza ndi olandira doxycycline.
2. Mankhwala sakulowa m'thupi. Wodwala akusanza, kapena akumwera limodzi ndi mankhwala a chilungulira, mapiritsi owonjezera magazi a ayironi, calcium kapena mkaka wambiri. Zimenezi zimamanga doxycycline m'matumbo. Zitalikitseni ndi maola osachepera awiri.
3. Anayamba mochedwa. Ziwalo zikawonongeka kale, kuchira kumatenga nthawi yaitali ndipo wodwala ayenera kukhala m'chipatala.
4. Ndi matenda ena, kapena alipo awiri. Bwererani kwa dokotala, malungo ayezedwenso.

Mlingo wovomerezeka wa doxycycline ndi uwu, woti muyerekeze ndi zimene mwalemberedwa, osati wokagulira mankhwala panokha:

- Akuluakulu: 100 mg kawiri patsiku, maola 12 alionse.
- Ana osakwana makilogalamu 45: 2.2 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kawiri patsiku.
- Apitirize kwa masiku osachepera atatu thupi litazizira ndipo akuoneka kuti akuchira. Onse pamodzi asachepere masiku 5 mpaka 7.

Amwere tambula yodzaza madzi ndipo asagone kwa mphindi 30 atamwa, chifukwa piritsi likakakamira kummero limawotcha n'kusiya chilonda. Akamamva nseru amwe atadya pang'ono. Apewe kukhalitsa padzuwa poti khungu limapsa msanga.

## Wodwala ndi mwana kapena mayi woyembekezera

Nkhani iyi imandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ana osakwana zaka 10 ali m'gulu la amene amafa kwambiri ndi Rocky Mountain spotted fever, ndipo ambiri amamanidwa mankhwala oyenera chifukwa choopa mano. Mantha amenewa anachokera ku tetracycline wakale, amene ankadetsadi mano a ana. Doxycycline samamatira calcium mofanana ndi wakaleyo. Kafukufuku wa mabungwe a zaumoyo a boma la United States, CDC ndi Indian Health Service, wofalitsidwa mu 2015, anapenda mano a ana amene analandira doxycycline kwa masiku ochepa asanakwane zaka 8, ndipo sanapeze kuthimbirira kapena kufooka kwa mano. CDC ndi American Academy of Pediatrics onse amati doxycycline ndiye mankhwala oyamba kwa ana a msinkhu uliwonse amene akuganiziridwa matendawa.

Wazaumoyo akakayika chifukwa cha mano, mufunseni mwaulemu kuti aonenso malangizo atsopano kapena akambirane ndi dokotala wa ana tsiku lomwelo. Musalole kuti nkhaniyo igone.

Mayi woyembekezera asamwe chilichonse payekha ndipo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo. Pamene moyo uli pangozi, madokotala amaperekabe doxycycline, chifukwa matendawa ndi oopsa kwa mayi ndi mwana yemwe kuposa mankhwala a masiku ochepa.

Enanso ofunika kuwasamala mwapadera ndi okalamba, omwa mowa mwauchidakwa, amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndi amene ali ndi vuto lobadwa nalo la kuchepa kwa G6PD m'magazi. Omalizawa matenda amatha kuwathamangira koopsa m'masiku 5 okha.

## Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Pitani naye kuchipatala chogoneka odwala nthawi yomweyo ngati:

- akubwebweta, akuodzera mosadzutsika, wakomoka kapena akugwedezeka;
- khosi lauma kapena akulephera kuyang'ana kuwala;
- akubanika kapena akupuma mofulumira;
- mkodzo wachepa kwambiri kapena wasiya;
- zala zakumanja kapena zakumapazi zazizira ndipo zikuda;
- akutuluka magazi m'mphuno, m'nkhama kapena m'chimbudzi;
- maso achita chikasu.

Amene apulumuka atafika apa ena amadulidwa zala kapena miyendo, ena amagontha, ena amafa ziwalo kapena kutsala ndi vuto la ubongo. Mukafika nenani mawu akuti nkhupakupa kwa munthu woyamba amene wakulandirani, ndi tsiku limene kutentha thupi kunayamba.

## Thupi linazizira, patapita mlungu latenthanso

Matenda a Rickettsia obwera ndi nkhupakupa nthawi zambiri sabwerera mankhwala akamalizidwa bwino. Ganizirani kaye za mankhwala osiyidwa panjira, kenaka malungo. Chachitatu ndi mabakiteriya a Borrelia ofalitsidwa ndi nkhufi, nkhupakupa zofewa zija zobisala m'ming'alu ya makoma, zimene zimaluma usiku kwa mphindi zochepa n'kuchoka. Thupi limatentha pafupifupi masiku atatu, limazizira pafupifupi mlungu, kenaka limatenthanso. Magazi atengedwe pamene thupi latentha, chifukwa ndi nthawi imene mabakiteriyawa amaoneka pa maikulosikopu. Mlingo woyamba wa mankhwala amwere kuchipatala, poti m'maola oyamba wodwala akhoza kunjenjemera kwambiri ndipo magazi n'kutsika mphamvu mabakiteriya akamafa ambiri nthawi imodzi.

## Mwapeza nkhupakupa yakanirira pakhungu, koma munthu sakudwala

- Ichotseni msanga. Ikakhalitsa, mpata wopatsira matenda umakula.
- Gwiritsani ntchito kachitsulo kopanira kosongoka. Gwirani pamutu pake, pafupi penipeni ndi khungu, n'kukoka molunjika pang'onopang'ono, osapotoza.
- Musaiwotche ndi machesi kapena kuipaka mafuta kuti ichoke yokha. Kuteroko kumangotaya nthawi iyo ikuyamwabe.
- Musaiphwanye ndi zikhadabo. Madzi ake akakhudza kachilonda kapena diso akhoza kukupatsirani.
- Tsukani malowo ndi manja anu ndi sopo, ndipo lembani tsikulo.
- Kamutu kakatsalira ndipo sikakutuluka mosavuta, kasiyeni, khungu lidzakatulutsa lokha.

Pa matenda a Rickettsia sikoyenera kumweratu doxycycline munthu asanadwale, chifukwa palibe umboni wakuti kumateteza. Muyang'anireni kwa milungu iwiri. Thupi likangotentha, ndi tsiku lomwelo lopita kuchipatala.

## Nkhupakupa sizikutha pakhomo

Katemera wa matendawa palibe, ndipo munthu sapatsira mnzake. Anthu angapo a nyumba imodzi akadwala, gwero lake ndi nkhupakupa za malo amodzi. Zofufuza:

1. Agalu. Pendani m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala zawo. Nkhupakupa yofiirira ya agalu imatha kukhala moyo wake wonse m'nyumba ndi pabwalo, m'ming'alu, pansi pa mipando yakale ndi pogona galu. Ku Arizona, chigawo cha United States, ndi kumpoto kwa Mexico ndiyo yakhala ikufalitsa Rocky Mountain spotted fever kwa ana osewera pakhomo, osapita n'komwe kutchire. Ku Arizona nkhupakupa zinachepa kwambiri pamene dera lonse linamanga agalu makolala a mankhwala ndi kupopera mabwalo nthawi imodzi. Nyumba imodzi payokha siingathe ngati agalu a oyandikana nawo akuyendayenda.
2. Ziweto. Zisambitsidwe mankhwala motsatira malangizo a dokotala wa ziweto.
3. Udzu ndi zinyalala zoyandikira nyumba zichotsedwe.
4. Zovala. Popita kutchire valani thalauzi lalitali, mulipisire m'masokosi, ndipo pakani mankhwala othamangitsa tizilombo okhala ndi DEET. Zovala zikhoza kupoperedwa mankhwala opha tizilombo otchedwa permethrin, a 0.5 peresenti, koma asapakidwe pakhungu. Mukabwerako sambani n'kudzifufuza thupi lonse, ana muwafufuze inuyo.

Galu akafooka, kutentha thupi ndi kusiya kudya, aonedwe ndi dokotala wa ziweto, ndipo dokotala wa anthu auzidwe zimenezi wina m'banjamo akadwala. Nkhupakupa zikafika poyenda m'makoma a nyumba, itanani akatswiri opopera mankhwala. Mankhwala a dipi asapakidwe pa munthu, ndipo a agalu okhala ndi permethrin asakhudze mphaka chifukwa amamupha.